Mapiritsi a Pachikondwerero ndi Ufulu wa Wachinyamata Pamaso pa Wapolisi

Nkhani ya lero ndi ya mapiritsi amene amagulitsidwa mwamseri pa zikondwerero za zoimbaimba, makina amene maiko ena ayamba kuyezera mapiritsiwo, komanso zimene lamulo limanena za wachinyamata amene wapolisi wamugwira dzanja pachipata.

Anthu a m'mbali mwa nyanja kuno zikondwerero sazimvera kwa ena. Mu 2004, pa mchenga wa Chintheche Inn, makilomita ochepa kuchoka pa tchalitchi chakale cha Bandawe, ndi pamene panachitikira chikondwerero choyamba cha Lake of Stars. Anachiyambitsa ndi Will Jameson wa ku Britain, amene ali mnyamata anakhalako kuno akugwira ntchito yongodzipereka, ndipo atabwerera kwawo anayambitsa zovinavina za usiku mumzinda wa Liverpool n'kuzitcha Chibuku Shake Shake. Chaka choyambacho anthu anali mazana owerengeka chabe. Chikondwererocho chinakula, chinasamukira ku Senga Bay ndi ku Mangochi, koma mu 2016 chinabwerera pa Chintheche Inn pomwepo, ndipo mu 2019 chinachitikira ku Kachere Kastle m'dera lomwe lino. Ku Salima kwakhala kukuchitika Sand Music Festival imene anayambitsa malemu Lucius Banda, ndipo ku Dzaleka kuli Tumaini. Zoimbaimba za masiku atatu pabwalo zasanduka mbali ya moyo wa achinyamata a dziko lino.

Phindu lake anthu a kuno amalidziwa. Amayi ogulitsa nsomba ndi kondowole, anyamata a ziboliboli, a kabaza, eni malo ogona alendo, onsewa pa masiku atatu amenewo amagwira ndalama imene nthawi zina siipezeka mwezi wathunthu. Nkhaniyi siikuloza chala chikondwerero chilichonse kapena amene amachikonza. Koma paliponse pamene pasonkhana achinyamata zikwizikwi usiku, kaya ndi ku Chintheche, ku Johannesburg kapena ku London, pamapezeka mowa, pamapezeka chamba, ndipo pamapezekanso munthu amene amayenda pakati pa khamu akunong'oneza kuti ali ndi kanthu kochotsa tulo.

Vuto la piritsi logula mumdima n'lakuti wogula sadziwa chimene chili mkati, ndipo nthawi zambiri wogulitsanso sadziwa. Lilibe pepala, lilibe dzina la kampani, lilibe muyezo. Mapiritsi awiri ofanana mtundu ndi chizindikiro akhoza kusiyana mphamvu kawiri kapena katatu. Pofuna kuthana ndi vuto limeneli, dziko la Netherlands mu 1992 linakhazikitsa ndondomeko yotchedwa DIMS, yolola anthu kupereka mankhwala awo kuti ayezedwe popanda kumangidwa. Mzinda wa Vienna ku Austria unayamba mu 1997, Zurich ku Switzerland mu 2001.

Pa chikondwerero, kuyezako kumayenda motere. Munthu amalowa mu tenti momwe mulibe wapolisi, satchula dzina lake, n'kupereka piritsilo. Katswiri amapalako kaufa pang'ono n'kukaika pa makina owalitsa kuwala kwa infrared. Mankhwala alionse amayamwa kuwalako mwanjira yakeyake, choncho kompyuta imayerekeza zimene yaona ndi mndandanda wa mankhwala amene ili nawo, ndipo pa mphindi zochepa imasonyeza chimene chachuluka mu ufawo. Akatero, wazaumoyo amakhala pansi ndi mwini piritsi uja. Amamufunsa ngati wamwa kale mowa, ngati ali ndi vuto la mtima, ngati akumwa mankhwala ena a kuchipatala, n'kumufotokozera zimene zingamuchitikire. Palibe amene amauzidwa kuti piritsi lake lili bwino, akamwe. Uthenga umakhala umodzi, kuti chotetezeka ndi kusamwa. Potulukira pamakhala bini yokhoma yoti aliyense wasintha maganizo aponyemo.

Chitsanzo chimene akatswiri amakonda kutchula ndi cha mu Disembala 2014. A DIMS anapeza piritsi lofiirira lokhala ndi chizindikiro cha Superman, limene linkagulitsidwa ngati ecstasy koma mkati muli mankhwala otchedwa PMMA. Kuipa kwa PMMA n'kwakuti amachedwa kumveka m'thupi. Munthu amaganiza kuti wagula lopanda mphamvu, n'kumeza lachiwiri, kenako thupi limatentha mopitirira muyezo mpaka ziwalo kuleka kugwira ntchito. Boma la Netherlands linachenjeza anthu pa wailesi ndi pa kanema nthawi yomweyo. Ku England, kumene kunalibe ndondomeko yotere, mapiritsi omwewo anatchulidwa pa imfa za amuna anayi m'masiku a Khirisimasi ndi chaka chatsopano.

Mu 2016 bungwe la The Loop, lotsogozedwa ndi Pulofesa Fiona Measham, linayeza mankhwala 247 pa chikondwerero cha Secret Garden Party ku England. Pa asanu alionse, amodzi sanali chimene wogula anauzidwa, ndipo ambiri mwa anthu amene anamva kuti anawapusitsa anasiya katundu wawo kuti atayidwe. Ku Australia kuyeza koyamba kovomerezeka kunachitika mu Epulo 2018 pa chikondwerero cha Groovin the Moo mumzinda wa Canberra. Chaka chotsatira anayeza mankhwala 171 pamalo omwewo, ndipo 7 anapezeka ndi mankhwala oopsa otchedwa n-ethylpentylone. Eni ake atauzidwa, anawaponya m'bini. Dziko la New Zealand linapita patali kuposa onse: mu 2021 aphungu ake anavomereza lamulo lokhazikika loti kuyeza kotere si mlandu.

Komabe makina si mankhwala a imfa. Amangoona kaufa kamene kapalidwako, ndipo mankhwala amene ali ochepa kwambiri mu piritsi akhoza kuwaphonya. Chachikulu n'chakuti ecstasy weniweni, wosasakaniza ndi china chilichonse, amaphanso, makamaka munthu akamwa wambiri kwinaku akuvina padzuwa. Zinaonekera ku New South Wales, chigawo china cha Australia, kumene achinyamata 6 a zaka za pakati pa 18 ndi 23 anamwalira pa zikondwerero kuyambira Disembala 2017 kufika Januwale 2019.

Woweruza amene anafufuza imfazo, mayi Harriet Grahame, anatulutsa zotsatira zake mu Novembala 2019, ndipo zimene anapeza n'zimene zikukhudza kwambiri nkhani ya lero. Mmodzi mwa omwalirawo, mtsikana wa zaka 19, anameza makapisozi ake motsatizana asanalowe pachipata chifukwa choopa kuti apolisi amupeza nawo. Woweruzayo ananena kuti kuchuluka kwa apolisi ndi agalu onunkhiza kumachititsa achinyamata ena kuchita zoopsa kwambiri, ndipo analangiza boma kuti lilole kuyeza mapiritsi, lichotse agalu pa zikondwerero, komanso lichepetse mchitidwe wovula anthu powasecha. Boma la nthawi imeneyo, lotsogozedwa ndi Gladys Berejiklian, linakana kuyeza. Chigawocho chinadzayamba kuyeserera mu 2025.

Chaka chomwecho cha 2019, bungwe lofufuza khalidwe la apolisi ku New South Wales linamva nkhani ya mtsikana wa zaka 16 amene anavulidwa zovala zonse pa chikondwerero cha Splendour in the Grass mu 2018, galu atamununkhiza, popanda kholo kapena wamkulu aliyense womuimira. Sanamupeze ndi kanthu. Pa anthu 143 amene anasechedwa mwanjira imeneyi pa chikondwererocho, opitirira 90 pa 100 alionse analibe chilichonse. Bungwelo linagamula kuti apolisi anaphwanya lamulo pa mtsikanayo.

Tsono tibwerere kuno kwathu, chifukwa kungotenga za ku Australia n'kuzitula pa mchenga wa Bandawe kungakhale kudzinamiza. Ecstasy ndi mankhwala a anthu a ndalama. Mnyamata wa ku Chifira kapena ku Kande amene wazungulira kunja kwa mpanda chifukwa tikiti yamukanika, zimene amakumana nazo ndi zina: kachasu, mowa waukali wa m'timabotolo ta pulasitiki umene unalowa m'malo mwa masacheti boma litawaletsa, chamba, ndi mankhwala a kuchipatala ogulitsidwa popanda chikalata cha dokotala. Diazepam, tramadol ndi mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine ali ndi ntchito yake kwa wodwala, koma akasakanizidwa ndi mowa amachedwetsa kupuma, ndipo munthu amene anzake akuti wagona akhoza kukhala kuti akutsirizika. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2017 kuti m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, pa mankhwala 10 alionse amodzi amakhala achinyengo kapena osafika muyezo. Choncho ngakhale piritsi lokhala m'kapepala kake kosindikizidwa bwino, likagulidwa pa benchi ya pamsika silingadaliridwe.

Ambiri akukumbukira za mu Epulo 2024, pamene anthu angapo anamwalira mumzinda wa Blantyre atamwa mowa umene unkatchedwa Ambuye Ntengeni. Mowa wopangidwa mobisa ukhoza kukhala ndi methanol, amene pakamwa sasiyana ndi mowa wamba. Amayamba kuonetsa ukali wake patapita maola ambiri, munthu atabwerera kale kunyumba: mutu, kusanza, maso kuchita chidima, mwinanso khungu kapena imfa. Vutoli ndi limodzimodzi ndi la piritsi la Superman lija. Munthu walipira ndalama yake, wameza chinthu chimene sakuchidziwa, ndipo palibe amene akanamufunsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma wachinyamata wa kuno ngakhale atafuna kufunsa, alibe koti akafunse osagwidwa.

N'chifukwa cha lamulo. Lamulo la Dangerous Drugs Act, limene linalembedwa m'nthawi ya atsamunda, limati kupezeka ndi mankhwala amene ali pa mndandanda wake popanda chilolezo ndi mlandu. Silipereka mpata kwa munthu amene wawanyamula kuti akayezetse, ngakhale kwa namwino amene wawalandira m'manja. Kuyeza kwa mtundu wa ku Canberra sikungachitike pa Chintheche pokhapokha Nyumba ya Malamulo itasintha lamulo kapena boma litapereka chilolezo chapadera. Chodabwitsa n'chakuti kuyeza mankhwala ku Malawi kulipo kale. Chamba chimene apolisi alanda pa lodibuloko ya pa msewu wa M5 chimatumizidwa ku malo a kafukufuku wa zaulimi monga Chitedze, Bvumbwe kapena Lunyangwa kuti chikatsimikizidwe. Bungwe la PMRA limayeza mankhwala a kuchipatala, ndipo a Malawi Bureau of Standards amayeza zakumwa. Kungoti pa nkhani ya mankhwala ozunguza bongo, luso lonseli limagwira ntchito munthu atamangidwa kale, pofuna umboni wa kukhoti.

Pa chamba pali chisokonezo chimene chagwetsa achinyamata ambiri m'mavuto. Mu Febuluwale 2020 aphungu anavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act, ndipo mbiri inawanda yakuti chamba chaloledwa. Chimene chinaloledwa ndi kulima ndi kukonza chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, kwa amene ali ndi laisensi yochokera ku Cannabis Regulatory Authority. Kusuta ndi kupezeka nacho popanda laisensi kudakali mlandu. Alendo ochokera ku South Africa, ndi ana a kuno amene amagwira ntchito ku Joni, ayenera kukumbukira kuti chigamulo cha khoti lalikulu la dzikolo cha mu 2018, chololeza munthu wamkulu kusuta kunyumba kwake, chimathera pa malire a South Africa.

Akuluakulu a mpingo ali ndi mawu awo pa nkhaniyi, ndipo si mawu oti n'kuwanyoza. Bandawe ndi malo amene Dr Robert Laws anasamutsirako mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear mu 1881, isanakwere ku Khondowe mu 1894, ndipo mpingo umene unamera apa nkhani ya zoledzeretsa suiseweretsa. Mkulu wa mpingo akafunsa kuti, kodi kuika tenti yoyezera si kuuza ana kuti imwani bola muyezetse, akufunsa funso lomwe anafunsa a Berejiklian. Yankho la madokotala a ku Canberra n'lakuti amene amalowa mu tenti muja ndi munthu amene wagula kale, ndipo watsala pang'ono kumeza. Kwa ambiri mwa iwo, kameneko kamakhala koyamba kulankhula ndi wazaumoyo za mankhwalawa. Ulaliki uli ndi malo ake Lamulungu m'mawa ndi kunyumba, koma Loweruka pakati pa usiku mlaliki sakhala pa mchenga. Ngakhale zili choncho, amene akufuna kuti makinawa abwere ku Malawi ayenera kuyankha funso lina lovuta: m'dziko limene zipatala zazing'ono nthawi zina zimasowa ndi panado yemwe, ndalama ya makina okwera mtengo chotere ichokera kuti? Ngati ilipo, n'chanzeru kuti iyambe yapita ku kuyeza mowa, umene ukupha anthu ambiri kuno kuposa ecstasy.

Gawo limene silidikira makina ndi la ufulu, ndipo apa m'pofunika kufatsa. Malamulo aakulu a dziko lino, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, amateteza munthu aliyense, kuphatikizapo amene wapezeka ndi chamba m'thumba. Gawo 21 limapereka ufulu wosasechedwa m'thupi, m'nyumba kapena m'katundu mwachisawawa. Izi sizikutanthauza kuti wapolisi sangaseche. Akhoza, ngati ali ndi chifukwa chomveka chokayikira munthuyo kapena ali ndi chikalata cha khoti. Koma tsitsi la madiredi kapena kuvala buluku long'ambika pabondo si chifukwa. Lamulo la kayendetsedwe ka milandu limati mkazi asechedwe ndi mkazi mnzake, mwaulemu. Gawo 19 limaletsa kuzunza munthu kapena kumuchotsera ulemu, choncho kumenya, kuvula munthu pagulu kapena kumugudubuza pa mchenga kulibe malo m'lamulo. Alonda a pachipata nawonso si apolisi. Akhoza kukana kulowetsa munthu amene sakufuna kuti chikwama chake chionedwe, koma alibe mphamvu yomuvula kapena kumumenya.

Munthu akamangidwa, gawo 42 limayamba kugwira ntchito. Ayenera kuuzidwa msanga chifukwa chimene wamangidwira, m'chilankhulo chimene amamva. Kwa mwana wa ku Bandawe, chilankhulocho chikhoza kukhala Chitonga. Ayenera kuuzidwa kuti ali ndi ufulu wokhala chete, ndi kuchenjezedwa kuti zimene anganene zikhoza kugwiritsidwa ntchito kukhoti. Palibe amene angamukakamize kuvomera mlandu. Ali ndi ufulu woonana ndi loya paokha, wolankhula ndi abale ake ndi kuyenderedwa nawo, komanso wolandira chithandizo cha kuchipatala boma likulipira. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kwambiri pa chikondwerero, chifukwa munthu amene wamwa zosadziwika n'kutsekeredwa m'chitokosi chotentha akhoza kukomoka usiku popanda womuona.

Lamulo limatinso womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Pamenepa pali kanthu kamene achinyamata ambiri sakadziwa: maolawo akathera pa tsiku limene khoti siligwira ntchito, munthuyo amaonekera tsiku loyamba lotsatira la ntchito. Zikondwerero zambiri zimayamba Lachisanu. Wogwidwa Lachisanu usiku akhoza kukhala m'chitokosi mpaka Lolemba popanda lamulo kuphwanyidwa, pokhapokha apolisi atamupatsa belo. Ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere. Akuluakulu a polisi eni ake akhala akubwereza mawu amenewa kwa zaka zambiri. Wapolisi amene akuti mupereke kangachepe kuti nkhani ithere pompano akupalamula mlandu wa ziphuphu, ndipo woperekayo naye akupalamula.

Kwa ana, chitetezo n'chokulirapo. Kuyambira mu 2017, pamene malamulo aakulu anasinthidwa, mwana ndi aliyense amene sanakwanitse zaka 18. Mwana womangidwa sayenera kusungidwa pamodzi ndi akuluakulu. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la mu 2010 limafuna kuti makolo kapena omuyang'anira adziwitsidwe, kuti nkhani yake ipite ku bwalo la ana, ndipo pa milandu ina limalola kuti mwanayo awongoleredwe kunja kwa khoti m'malo moweruzidwa. Wogulitsa mowa kwa mwana wosafika zaka 18 ndiye amene waphwanya lamulo la zamowa.

Zimenezi si zolembedwa papepala chabe, makhoti a dziko lino azigwiritsapo ntchito. Mu Januwale 2017 khoti lalikulu linathetsa ndime ina ya mlandu wa vakabu pa nkhani ya Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anagwidwa m'bandakucha akupita ku msika wa Limbe. Mu 2022 khoti lalikulu ku Zomba linagamula pa nkhani ya amuna atatu amene anasesedwa usiku ku Kasungu mu 2018, mmodzi mwa iwo ali pa ntchito yake ya u-DJ pa malo omwera mowa. Khotilo linati mchitidwe wa apolisi wongosesa aliyense amene amupeza pamalo, osamuuza mlandu wake, ukutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Chigamulo chimenechi chimakhudza mwachindunji zimene zimachitika kunja kwa mpanda wa chikondwerero, kumene ogulitsa malonda ndi anyamata opanda tikiti amakhala. Kupezeka pa mchenga usiku si mlandu.

Boma la Nkhata Bay lili ndi mbiri yake pa nkhani zotere. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe lalikulu la apantchito akuda la ICU ku Cape Town mu 1919, anabadwira ku Chifira pafupi ndi Bandawe. Orton Chirwa, loya woyamba wa Chimalawi, analinso wa boma lomwe lino. Si dera loti ana ake azigonja pamaso pa yunifolomu chifukwa chosadziwa gawo 42.

Koma kudziwa ufulu si kulimbana ndi wapolisi. Wachinyamata amene wagwidwa asathawe, asakankhane ndi munthu, asameze kanthu pofuna kubisa umboni, pakuti kumeneko ndiye kumene kunapha mtsikana wa ku Australia uja. Afunse mwaulemu chifukwa chimene wagwidwira, asunge m'mutu dzina kapena nambala ya wapolisiyo, apemphe kuti abale ake adziwitsidwe, ndipo asasaine pepala limene sanaliwerenge kapena kuwerengeredwa. Ambiri amavomera mlandu Lolemba m'mawa pofuna kungolipira chindapusa n'kubwerera kunyumba. Sadziwa kuti kuvomerako kumalembedwa, ndipo tsiku lina akadzafuna kalata ya kupolisi yofunsira ntchito kapena yopitira kunja, mbiriyo idzatulukira.

N'zoonanso kuti lamulo sililemera mofanana pa mapewa a onse. Mu 2022 dziko lonse linalankhula pamene khoti la majisitireti ku Blantyre linagamula mnyamata wina kukakhala kundende zaka 8 atapezeka ndi matumba ambiri a chamba, pamene mkulu wa kampani ina yaikulu, amene anapezeka akulima chamba kunyumba kwake, analipira chindapusa cha K1 miliyoni n'kubwerera kwawo. Milandu iwiriyo inali yosiyana kukula kwake, ndipo khoti lalikulu linadzachepetsa chilango cha mnyamatayo kufika zaka 3. Komabe anthu anaona chimene anaona. Pa chikondwerero cha m'mbali mwa nyanja, mlendo wokhala ndi pasipoti, ndalama ndi nambala ya ofesi ya kazembe wa dziko lake ali ndi pogwira. Mnyamata wa m'mudzi amene anatumidwa ndi mlendoyo kuti akamupezere kanthu, n'kupatsidwa ya sopo, ndiye amene lamulo limamuona ngati wogulitsa, ndipo mlandu wogulitsa ndi wolemera kuposa wosuta.

Pali zinthu zimene okonza zikondwerero angachite popanda kudikira aphungu. Kumapeto kwa Sepitembala ndi mu Okutobala, nthawi imene zambiri zimachitika, kunyanja kumatentha kwambiri, ndipo kutentha ndi kumene kumasandutsa piritsi kapena mowa kukhala ngozi. Madzi akumwa aulere ndi malo a mthunzi si zokongoletsera. Tenti ya achipatala iyenera kukhala poonekera, yotsegula usiku wonse, ndipo isayandikane ndi pamene pakhala apolisi. Ambulansi ikhale pomwepo, pakuti kuchoka pa Chintheche kukafika ku chipatala cha boma ku Nkhata Bay ndi mtunda wa pafupifupi makilomita 40, ndipo Mzuzu ili kutsogolo kwake. Pagombe pazikhala anthu odziwa kusambira, chifukwa woledzera akalowa m'madzi usiku sabwerera nthawi zonse.

Chachikulu pa zonsezi ndi mgwirizano umene okonza, mkulu wa apolisi, mkulu wa zaumoyo m'boma ndi mafumu angapange chikondwerero chisanayambe, n'kuulengeza pa chinkuzamawu m'Chitonga, m'Chichewa ndi m'Chingerezi: kuti wonyamula mnzake wodwala kupita naye kwa achipatala sadzafunsidwa mafunso a polisi pakhomo la tentiyo. Namwino sangathandize bwino munthu ngati sakudziwa chimene wamwa, ndipo anzake sanganene zoona ngati akuona unyolo pafupi. Munthu amene thupi latentha kwambiri, amene wasokonezeka mutu, akugwa khunyu, akupuma movutikira kapena sakudzuka akagwedezedwa, asasiyidwe yekha kuti agone mowa uthe. Agonekedwe chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi, ndipo achipatala aitanidwe nthawi yomweyo. Kwa amene mankhwala kapena mowa zamulowerera, a St John of God ku Mzuzu amathandiza anthu otere.

Aphungu a m'boma la Nkhata Bay ali ndi chifukwa chokwanira chofunsira m'Nyumba ya Malamulo ngati lamulo la m'nthawi ya atsamunda likuyenerabe kumanga namwino amene walandira piritsi kuti alitaye. Makolo a ku Bandawe, Chintheche ndi Kande, musanalole mwana wanu kupita ku chikondwerero, mufotokozereni za maola 48, za belo yaulere ndi za ufulu wokhala chete, ndipo aloweze nambala ya foni ya wachibale mmodzi. Amene sangakwanitse kulipira loya akhoza kupita ku Legal Aid Bureau, imene ili ndi ofesi ku Mzuzu. Amene wamenyedwa, wavulidwa kapena kupemphedwa ndalama ndi wapolisi akadandaule ku Independent Complaints Commission kapena ku Malawi Human Rights Commission, atalemba tsiku, nthawi ndi malo amene zinachitikira.